Maekala Makumi Atatu a ku Tara

Dalby, Queensland
5 Febuluwale 2012

Amake Roshni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana ndi a bambo. Ine ndili bwino, kupatula kutentha komwe kwafika poti ng'ombe kukhola kuno zikungoima kukamwa kuli yasa.

Ndisanalowe m'nkhani, pali zinthu zinayi zoti timvane kaye. Choyamba, kalata iyi muwerenge nokha kuchipinda, osati pakhonde pomwe alamu anga a Pushpa amadutsadutsa ngati akusesa. N'chifukwa chake sindinanene pa foni. M'nyumba ya achimwene a Shiu foni ikalira aliyense amasiya zimene akuchita. Chachiwiri, a bambo musawauze kanthu mpaka nditanena. Chachitatu, mupite m'tauni ku Labasa mukamujambulitse Roshni zithunzi zina, chifukwa a ofesi ya ma viza akuti pa zija munatumiza khutu lamanzere silikuoneka. Chachinayi, mundiuze zoona ngati mungalole kugulitsa zibangili zagolide zimene amayi anu anakupatsani paukwati. Mukakana sindidzakwiya. Ndikufunsa kuti ndidziwe poyambira.

Nkhani ndi iyi. Ndapeza malo. Maekala makumi atatu kufupi ndi Tara, ulendo wa ola limodzi ndi theka kuchokera kuno. Si a lendi ayi. Ndi ogula, a chikalata chaumwini, dzina lathu kulembedwa m'kaundula wa boma. Pali nyumba ya malata ya zipinda ziwiri, thanki ya madzi a mvula, kadamu, ndi chitsime chobowola cha injini. Mtengo wake madola 85,000. M'zaka zisanu ndi chimodzi zino ndasunga 81,000. Kuphatikiza za loya ndi msonkho pakufunika pafupifupi 89,000. Apo ndi pamene zibangili zikulowera.

Ngongole ya banki sindikuifuna, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Lendi ya munda wathu wa nzimbe ku Wainikoro, kwathu ku Fiji, itatha, eni nthaka n'kukana kuwonjezera, tinachoka ndi mabedi pa lole koma thirakitala anatenga a banki. Kuyambira tsiku limenelo a bambo amati chogula ndi ndalama za wina n'chobwereka basi. Ndikufuna podzawauza ndidzathe kunena kuti palibe munthu wina ali ndi gawo pamalowo.

Tsono chikundisowetsa mtendere ndi mtengowo. Watsika kwambiri. Malo otere kufupi ndi Dalby ndi kuwirikiza katatu. Ndayang'ana pa mapu a boma ndipo ndaona kuti dera lonselo makampani akubowola pansi kufuna gasi wa m'malasha. Ndawerenga zitsime zawo khumi ndi zinayi mkati mwa makilomita atatu kuchokera pamalowo. Pamalo penipenipo palibe. Ena amati madzi a kumeneko anawonongeka, ena amati ndi bodza la anthu ofuna chipukuta misozi. Ine sindinapite ku koleji ya zaulimi kuti ndiziyendera za m'maluwa. Ndikayeza ndekha dothi ndi madzi, monga ndimachitira kukhola kuno mwezi ndi mwezi.

Ndatumiza madola 400. Mugule timabotolo tiwiri ta mankhwala a mphumu a Roshni, kamodzi kazikhala m'chikwama cha kusukulu. Madola 100 a magetsi mupatse achimwene, pamaso pa a Pushpa, kuti asadzanenenso zija ananena pa chikondwerero cha Diwali.

Ine wanu,
Bimlesh


4 Malichi 2012

Amake Roshni,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Roshni chakhala bata mwezi uno. Ine ndili bwino.

Za zibangili, mzere umene mwavomera uja ndauwerenga katatu. Zikomo. 

Koma za a bambo, amake Roshni, ndinakupemphani. Mukuti anakuonani mukumwetulira potsuka mbale n'kukupanikizani ndi mafunso. Chabwino. Koma achimwene andiuza pa foni kuti ku mapemphero a Lachiwiri a bambo anaimirira n'kulengeza kuti mwana wawo wagula maekala makumi atatu ku Australia. Sindinagule kanthu! Ndangokaona.

Ndinapita Loweruka ndi Waisale, mnzanga wa ku Nadroga, wa mtundu wa eni nthaka a kwathu, uja amayendetsa thirakitala yogawa chakudya cha ng'ombe. Wogulitsa malowo m'malo mwa mwini wake, Darryl Voss, anatidikira pachipata, chipewa chachikulu, mimba patsogolo. Dzina langa linamukanika.

"Bim, bwanawe," anatero, "tamvera bata lakelo. Kuno ndi iwe ndi mbalame basi."

Ndinamvetsera. Chapatali kunkamveka injini yosalekeza, ngati fakitale ya shuga nthawi yodula nzimbe. Nditafunsa anati, "Iyo? Sabata imodzi khutu lazolowera. Apongozi anga amaliza mkonono kuposa pamenepo."

Dothi ndi la mchenga, losauka. Nzimbe sizingachite, koma mbuzi, nkhuku ndi dimba la ndiwo zamasamba zitheka. Ndinakumba timaenje khumi ndi tiwiri, dothi la kadzenje kalikonse m'kathumba kakekake. Waisale anangokhala pamthunzi n'kumandikuwiza.

"A Profesa, mukukumba manda a yani? Inu Amwenye mukaona dothi mumanjenjemera ngati mwaona mkazi."

"Chifukwa inu munabadwa nalo," ndinamuyankha. "Simudziwa ludzu lake."

Pachitsime ndinachita monga anatiphunzitsira. Ndinaliza injini mphindi makumi awiri kuti madzi okhalitsa m'paipi achoke. Ankatuluka motsokomola, oyera ngati mkaka wosungunula. Ndinalemba m'kope kuti m'paipi mwalowa mpweya. Ndinadzaza ndowa, n'kuisiya theka la ola kuti matope akhale pansi. Madzi anayera mbee. Ndinasefa ndi nsalu, kuthira m'mabotolo atatu, ndipo Lolemba ndinatumiza ku labotale ya ku Toowoomba yomwe imatiyezera madzi a ng'ombe.

Pali kanthu kamodzi kamene kandikhala pamtima. Ndikudikira ndowa ija, pampanda panabwera mayi wachikulire wa pamalo oyandikana, dzina lake Noelene. Anali ndi galu wosupuka ubweya m'miyendo.

"Ukugula, mwanawe?"

"Ndikuganizira, mayi."

"Ana uli nawo?"

"Mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi."

Anayang'ana ndowa, n'kuyang'ana ine. Anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo Darryl analiza hutala. Mayiyo anangoti, "Usiku kumazizira mu Julayi," n'kubwerera. Pachipata pake palinso chikwangwani chogulitsa, chopauka ndi dzuwa.

Mwina palibe kanthu. Mukundidziwa. Zibangili mupite nazo kwa osula golide atatu musanavomere mtengo, ndipo aliyense aziyeze pa sikelo inu mukuona.

Wanu,
Bimlesh


1 Epulo 2012

Amake Roshni,

Moni nonse. Ndalama za zibangili zafika, madola 8,400 akuno. Osula uja sanakubereni.

Zotsatira zinabwera. Mchere ulipo koma wosapitirira muyezo, chitsulo chakwera pang'ono, tizilombo palibe. Pepala likuti madziwo ng'ombe zikhoza kumwa, dimba n'kuthirira, munthu n'kumwa atawiritsa. Ndinaliwerenga nditaima pa positi ofesi, kenako ndinakhala pa sitepe n'kuliwerenganso.

Lachiwiri ndinasayina. Darryl anati pali banja la ku Brisbane lomwe likubweranso kumapeto kwa sabata, ndiye ndinaopa. Chikole ndapereka madola 8,500. Zotsala ndidzapereka Lachisanu pa 25 Meyi, ndipo tsiku limenelo chikalata chidzalowa m'dzina lathu.

Polemba mapepala anandifunsa, "Banki iti, Bim?"

"Palibe banki. Ndalama ndi zathu, zonse."

Anasiya kulemba n'kundiyang'ana. "Zonse? Amuna inu! Bwenzi aliyense ali ngati iwe, ine ndikanapuma ntchito kale." Ndiye anadula mzere pa ndime ina ya za ngongole, poti sikutikhudza, ine n'kulemba zilembo za dzina langa pambali. Sindikubisireni, ndinamva kukoma. Ndinalakalaka a bambo akanaona nkhope yake.

Lamulo lakuno limapereka masiku asanu a ntchito oti munthu asinthe maganizo atasayina. Anga akutha Lachiwiri likubwerali. Mapepalawo ndawawerenga kanayi, ndi dikishonale pambali, ndipo sindinapeze cholakwika. Loya ndidzamuona Pasaka ikapita, chifukwa sabata ino tikulandira ng'ombe zikwi ziwiri ndipo abwana akana kundimasula.

Tsopano a bambo mukhoza kuwauza zoona, poti bodza lawo lasanduka choona. Pa foni anandifunsa funso limodzi lokha: "Alipo munthu angabwere kudzatiuza kuti nthawi yakwana?" Ndinati palibe. 

Mukuti akufuna kuchita mwambo wothokoza n'kudyetsa anthu. Muwagwire dzanja pang'ono. Adikire Meyi adutse. Sindikudziwa chifukwa chake ndikutero.

Wanu,
Bimlesh


22 Epulo 2012

Amake Roshni,

Ndikhulupirira muli moyo nonse. Ndamva kuti mwambo unachitika, anthu zana limodzi ndi makumi awiri, ndipo a Pushpa anakupatsani mpando wakutsogolo. Sindikudzudzula aliyense. Ine thupi lili bwino.

Khalani pansi powerenga izi.

Loweruka lapitalo ndinapita kukayeza zipinda kuti ndidziwe kukula kwa bedi la a bambo. Kuseri kwa damu ndinapeza zikhomo zamatabwa zomangidwa tinsalu tofiira, zitandandalika mzere wowongoka kuchokera kumpanda wakumpoto mpaka mamita mazana awiri kuchokera panyumba. Ndinaziwerenga, makumi atatu ndi chimodzi. Mu Malichi kunalibe.

Lachitatu ndinaonana ndi loya, mayi wachikulire wa magalasi a chingwe. Ndinamuonetsa chithunzi cha zikhomozo n'kufunsa kuti ndi ndani walowa m'malo a eni popanda chilolezo.

"Bambo Dayal," anatero, "chikalata chikupatsani pamwamba. Za pansi, malasha ndi gasi, n'za boma, ndipo boma linabwereketsa kale kwa kampani. Akafuna kubowola pamalo panu, mudzakambirana za chipukuta misozi ndi podutsa msewu. Koma kukana simungakane."

Ndinati mwina sindinamve bwino. Anabwereza pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. Kenako anatsegula tsamba lija la za ngongole.

"Ndime iyi anadula ndani? Banki yanu yati chiyani?"

"Ndilibe banki, mayi."

Anavula magalasi. Akuti munthu akapempha ngongole, banki imatumiza munthu wake kukaona malo, ndipo mumsewu umenewo iye sakumbuka ngongole imene yavomerezedwa zaka ziwiri zapitazi. Banki ikakana, wogula amatuluka m'pangano ndi chikole chake chonse. Ndime imeneyo ndiyo inali khomo lotulukira. Anthu akuno amaisiya ngakhale ali ndi ndalama m'thumba. Ine ndinaitseka ndekha, ndikumwetulira.

Amake Roshni, ndinafufuza zonse. Malire, misonkho, njira ya moto wolusa, mtunda wa kusukulu. Koma kufunsa ngati mwini malo angathe kukaniza mlendo pachipata, sikunandibwerere m'mutu n'komwe. Kwathu tinkangodziwa mitundu iwiri ya anthu, a lendi ndi eni. Ndinkayesa ndawoloka.

Nditamuuza Waisale anaseka mpaka kugwira tayala la thirakitala. "A Profesa! Mwathawa ife pamwamba, mwakapeza anzathu pansi! Bola ife timabwera ndi chakumwa chathu cha kava, kukhala pamphasa, n'kukuuzani maso ndi maso." Ataona nkhope yanga anasiya. Masana anandigawira chinangwa chake.

Zikhomo si chitsime. Loya akuti mwina ndi paipi chabe, mwinanso sadzabwera n'komwe. Madzi ndi abwino, pepala ndili nalo. Ndikudziuza zimenezi tsiku lililonse. A bambo musawauze.

Wanu,
Bimlesh


6 Meyi 2012

Amake Roshni,

Moni. Za moyo wanga musafunse, ndilipo.

Dzulo ndinakagogoda kwa mayi Noelene kuti ndifunse za zikhomo. Anandiphikira tiyi ndi madzi a m'chigubu chogula kusitolo. Ndinaona zigubu zina zisanu ndi zitatu pansi pa tebulo.

"Ndinakuona tsiku lija ukudikira ndowa," anatero. "Ndinafuna kukuwa."

"Bwanji simunakuwe, mayi?"

"Chikwangwani changa chakhala pachipata zaka zitatu, kwa Darryl yemweyo. Iwe ukagula, msewu uno ukhala ndi mtengo, mwina nanenso ndigulitsa. Ndine mfiti, mwanawe? Mwina ndine. Tamaliza tiyiyo, tiye."

Ananditengera kuchitsime chake. Anatsegula kampopi ka pamutu pa paipi, n'kuyatsa machesi. Amake Roshni, moto unabuka, wobiriwira ngati wa chitofu, kutalika ngati mkono wanga, ndipo sunazime mpaka anatseka. Galu uja sanadzuke n'komwe, anazolowera.

"Chako chili mamita mazana atatu kuchokera pano," anatero. "Ukuganiza pansipa pali mpanda?"

Tinadutsa pawaya. Ndinaliza injini. Iye anatchera botolo la pulasitiki kukamwa kwa paipi, madzi oyera ngati mkaka aja, n'kutseka msanga. Anakhutchumula, kutsegula, kuyandikiza machesi. Linati phu!

Sunali mpweya wolowa m'paipi. Anali gasi. Theka la ola lija ndinasiya ndowa kuti matope akhale pansi, gasi yense ankathawa ine ndikuyang'ana wotchi. Ndinasefanso ndi nsalu kuti otsala achoke bwino. Ndipo pa fomu ya ku labotale ndinachonga mabokosi omwewo ndimachonga mwezi ndi mwezi a madzi a ng'ombe. Anayankha zimene ndinafunsa. Za gasi, ndi za mankhwala amene amatsagana ndi kubowola, sindinafunse.

Mayiyo akuti amuna awo anasamukira kwa mwana wawo ku Toowoomba chifukwa cha mutu ndi kamfuno. Iwo akasamba, khungu limayabwa mpaka madzulo. Koma ndilembe mbali zonse, kuti musadzati ndinakuopsezani. A kampani amati gasi anali m'zitsime za dera lino kuyambira kale, ndipo alimi ena akale amavomereza. Madokotala sananene kuti matendawo achokera kumeneko. Palibe anayeza madzi kubowola kusanayambe, ndiye palibe angatsimikize. Ndafunsa usiku ndi usana m'mutu mwanga, yankho palibe.

Ndaitana a labotale kuti adzatenge okha madzi m'mabotolo awo otsekeka. Ndi madola 900, ndipo zotsatira zimatenga masabata asanu ndi limodzi. Tsiku lathu ndi pa 25. Mwini malo wakana kudikira.

Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba, kumaliza kugula. Tikhala ndi nyumba yathu, a bambo adzaponda dothi la dzina lawo. Tizimwa madzi a mvula, chitsime n'kuchitseka. Koma ndalama zathu zonse zilowa pamalo amene mwina sitidzathanso kugulitsa, ndipo zikhomo zija zili pomwepo.

Yachiwiri, kutuluka. Chikole chipita chonse, ndipo loya akuti mwini malo akhoza kutisumira akadzagulitsa motsika, ngakhale iye sakuganiza kuti angavutike nazo. Inu mukhalabe kwa achimwene mwina zaka zina ziwiri kapena zitatu, chifukwa ndalama zotsalazo kuno ku Dalby sizigula ngakhale khonde.

Darryl anandipatsa yachitatu. "Maliza, Bim, ukhale chaka, ugulitse kwa anzako a ku Fiji. Anthu inu mumakonda malo." Imeneyo sindikuiwerengera.

Ndalama zina ndi zanu, ndipo moyo wake ndi wanu. Mundilembere tsiku lomwelo mulandire kalata ino.

Wanu,
Bimlesh


27 Meyi 2012

Amake Roshni,

Ndikhulupirira Roshni ali bwino, ndi a bambo. Kalata yanu inafika Lachitatu. Ili pano patebulo.

Munalemba kuti: "Gulani. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikupempha chilolezo choyanika zovala pachingwe cha mkazi wina. Tidzamwa madzi a mvula. Inu mumayeza chinthu mpaka chiwole m'manja." Munalembanso kuti mayi uja mwina akufuna kundithawitsa kuti mbale wake agule. Ndaganizira zimenezo. Sindikukhulupirira, koma sindingatsimikize.

Lachinayi ndinapempha tchuthi n'kupita ndekha. Ndinkafuna kukumverani. Ndinalowa m'nyumba, kusankha pomwe tidzaike kachisi wathu wamng'ono, pakona yoyang'ana kum'mawa. Kenako ndinatuluka kukagogoda thanki kuti ndimve pomwe madzi alekezera.

Thankiyo imalowa malita 22,000. Anthu anayi, kumwa, kuphika, kusamba, kuchapa, aliyense malita makumi asanu patsiku titadzimana, ndi masiku zana limodzi ndi khumi. Ndinali nditatenga kaundula wa mvula wa ku Tara wa zaka makumi awiri. Zaka zisanu ndi ziwiri mwa zimenezo kunadutsa miyezi isanu popanda mvula yodzaza thanki. Madzi ogula pa lole tingakwanitse kawiri, mwina katatu. Ndikukudziwani, ndipo ndikudzidziwa. Tsiku lina thanki idzalira ngati ng'oma, ndalama kulibe, mwana akufunika kusamba apite kusukulu, ndipo mmodzi wa ife adzati, "Lero lokha," n'kukaliza injini. Ndinaima pakhomo la bafa. Ndi kachipinda kopanda zenera. Ndinaganiza za chifuwa cha Roshni m'menemo, chitseko chotseka.

Lachisanu m'mawa ndinauza loya kuti sindimaliza.

Chikole chapita. Zibangili za amayi anu ndazitaya ine, ndi dzanja langa, ndipo sindikupempha kuti muchepetse mlanduwo. Munandiuza chochita ndipo sindinachite. Mwina madziwo alibe vuto lina koma gasi yekhayo, wothawa ukasiya ndowa panja. Mwina pakatha zaka khumi ena adzakhala pamenepo ndi ana onenepa, ine ndikadali m'kachipinda ka kampani kuwerenga ng'ombe za eni. Ndikudziwa. Ndinalephera kusayina pepala lomaliza basi.

Darryl anaimba foni masana. "Wandikhumudwitsa, Bim. Ndinkakuyesa mwamuna." Ndinati pepani. Tangoganizani, ndinamupepesa.

Ndatumiza 400 monga mwa masiku onse. Ku banki kwatsala 79,100, loya ndi labotale nditawalipira. Za a bambo tikambirane kaye inu ndi ine, tione mmene tingawauzire.

Wanu,
Bimlesh


24 Juni 2012

Amake Roshni,

Mwezi wakwana chikulembereni. Ndaimba kanayi. Kawiri a Pushpa anati muli kochapa, kamodzi anati mwagona, kamodzi ndinamva mawu anu kumbuyo koma anati mwatuluka. Roshni anandiuza kuti wapeza 84 pa masamu. Mumuuze kuti ndanyadira. Ine ndilipo. Sabata yatha ndinalakwitsa muyezo wa chakudya cha ng'ombe, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo abwana andilembera chenjezo. Si nkhani yaikulu.

Zotsatira zachiwiri zinafika Lachinayi. Gasi alimo wambiri, woti akuti chitsimecho chisalowe m'nyumba yotseka. Mankhwala ena awiri apezeka pang'ono, pansi pa muyezo wa boma. Pofotokoza komwe zachokera alemba kuti sangathe kunena. Madola 900, kuti andiuze kuti sindinalakwe kwenikweni ndipo sindinakhoze kwenikweni. Ndaika kope lake m'kalata muno. Simukukakamizidwa kuwerenga.

Waisale anadutsa kumeneko Lamlungu. Chikwangwani chabwerera pachipata, mtengo watsika ndi zikwi zisanu. Kope lina la zotsatirazo ndatumiza kwa mayi Noelene kuti azionetsa aliyense wobwera kudzaona malo. Kaya adzaonetsa.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Achimwene akuti a bambo ayanika mbewu za therere ndi mabiringano pa nyuzipepala kuseri kwa nyumba, azikulunga m'timapepala, ndipo akufunsa aliyense ngati ku Australia mbuzi zimadya masamba a chinangwa. Akuti anakayezetsa jekete kwa telala. Ndiye kuti simunawauze. Sindikukudzudzulani, si katundu wanu. Koma tsiku lililonse likadutsa, telala akusoka.

Ndikhoza kuwaimbira ndekha. Koma foni ili pabalaza, ndipo adzamva nkhaniyi ataima pamaso pa nyumba yonse. Ndimafuna pakhale munthu pambali pawo wowagwira mkono, ndipo munthuyo ndi inu. Popanda inu sindikudziwa poyambira.

Ndaikamo envelopu yolembedwa kale adiresi yanga, ndi pepala. Ngati simukufuna kulankhula nane za ife, musalankhule, ndidikira mmene mungafunire. Mungolemba tsiku ndi ola loti ndiimbe, a Pushpa atapita kumsika, inu muli nawo pafupi a bambo. Chonde, amake Roshni, yankho lisachedwe.

Mwamuna wanu,
Bimlesh